Mawu Ochokera M'chifunga

Mtsikana wina anakumana ndi wokondedwa wake padoko, tsiku lomwe anayamba ntchito yogulitsa matikiti a maboti. Nyanjayo inali yakuda bii, yozingidwa ndi mapiri mbali zonse. Alendo ankabwera kudzaona mathithi a kutsidya ndi kudzajambulitsa pamatanthwe.

Mmodzi mwa oyendetsa maboti ankangotchedwa Kaputeni. Lilime lake linali la uchi.

"Achemwali, nyanja iyi palibe anafikapo pansi pake," anatero atatsamira pawindo. "Koma ine ndamira pamtunda pomwe, m'maso mwanumo."

Mtsikanayo anaseka, ndipo mtima unapita. Kuyambira pamenepo alendo onse ankayamba wawalozera boti la Kaputeni.

Azakhali a mtsikanayo atamupezera ntchito yabwino kutauni, Kaputeni anagwetsa misozi.

"Duwa langa, ukapita nditsala ndi ndani? Khala. Mvula ikangotha, ndikukwatira."

Mtsikanayo anakana ntchito ija. Azakhali anangoti, "Mwanawe, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Koma wokonda amamva kodi?

M'mawa wina chifunga chinaphimba nyanja yonse. Pafoni ya mtsikanayo panalowa uthenga wa Kaputeni: "Wapamtima, lero sindibwera. Mutu ukuwawa, ndagona."

Anamumvera chisoni, nakakhala yekha padoko. Mphepo kunalibe, madzi ali zii. Tsiku lotere mawu a pakati pa nyanja amafika kugombe ngati munthu ali pambali pako.

Anamva kuseka kwa mkazi m'chifungamo. Kenako mawu amene ankawadziwa bwino.

"Wa matikiti uja? Aaa, ndimangomunyengerera kuti azindidzazira boti. Mayi wa kunyumba ndiwe, mtima wanga."

Mtsikanayo anatcheranso khutu. Mwina makutu akunama? Anatenga foni n'kumuimbira Kaputeni.

Pakati pa nyanja foni inalira, inalira, kenako inadulidwa. Uthenga unalowanso: "Ndili m'tulo, duwa langa."

Anaimirira, misozi ili chuchuchu.

"Kaputeni!" anakuwa. "Gonani bwino! Mutuwo upole!"

Mapiri anabweza mawuwo. M'chifunga muja munangoti chete, ngakhale nkhafi sinamvekenso.

Mtima unamuwawa koopsa, komanso manyazi anamugwira. Anapukuta m'maso ndi kuimbira azakhali ake.

"Azakhali, ndinalakwa. Ntchito ija ikadalipo?"

Azakhali anausa moyo.

"Mwanawe, ntchito imadikira munthu? Analowapo kale wina."