Oyilo m'Chala cha Faruku

Faruku anachoka pa katapila, chimakina chokumbira dothi, mdima utagwa kale. Sanafune kutero. Anyamata okumba ngalande za mpunga anali ataweruka dzuwa likadalipo, kabaza womaliza atapita, koma iye anakakamira. Makaniko wochokera ku Lilongwe sangakagone chitsulo chitamugonjetsa.

Vuto linali mkono wa katapilayo. Ukanyamula dothi unkatsika wokha, pang'onopang'ono, ngati wa munthu wodwala malungo. Mphamvu zonse za makina amenewa zili mu oyilo amene pampu imakankha m'mapaipi. Oyilo akamathawa, mkono umalefuka. Anasuzumira m'thanki: wachepadi. Anayang'ana masilinda: ouma. Pansi pa pampu: pouma. Nanga akuthawira pati?

Lamulo ankalidziwa. Aliyense wa ntchitoyi amalidziwa. Pofufuza podontha injini ikulira, umayendetsa chidutswa cha katoni pa paipi, osati dzanja, chifukwa oyilo wothawira pa kabowo kakang'ono amabaya kuposa singano. Koma katoni panalibe. Tochi ya foni inali kuzilala, udzudzu uli m'makutu. Analiza injini, anakweza mkono wodzaza dothi, n'kuyamba kusisita mapaipi ndi zala.

China chake chinamuluma pa chala cha mkombaphala. Ngati njuchi.

Anaunika. Kadontho basi, magazi osatuluka n'komwe. Anaseka yekha. Wapapeza! Mawa asintha paipiyo, nkhani yatha. Anatsitsa mkono pansi, anazimitsa injini, anapukutira chala pa ovolosi.

Mlonda wa pamalopo, a Useni, anali atakhala pa chigubu, atafunda bulangete.

"Bwana makaniko, bwanji osangogona pompano? Mphasa ilipo."

"Ndi udzudzu wanuwu, madala? Podzuka mupeza mafupa okhaokha."

"Udzudzu sutenga munthu," anatero a Useni.

Faruku ankachita lendi kachipinda m'mudzi wa asodzi, kunyanja. Njira yake inkadutsa pakati pa minda ya mpunga, n'kuwoloka mlatho wa konkire. Kutsidya inkagawikana: kumanzere kunyanja, kumanja kumsewu wa tala wopita ku Boma. Mwezi unali chidutswa chabe. Mwera unkawomba. Achule ankalira mbali zonse.

Chala chinayamba kugunda. Anachiyamwa, chikuwawa mafuta. Chinali chitauma gwa, chosapindika. Akamwa panado, anadziuza. Akagona. Mawa chiphwa.

Kenako achule analeka.

Onse. Nthawi imodzi.

Anamva fungo la oyilo wotentha. Ananunkhiza ovolosi yake. Ayi, ili linali lina, la oyilo wakale wopserera, ndipo linkabwera ndi mphepo, kuchokera kutsogolo.

Tho... tho... tho...

Anaima. Sikunagwe mvula mwezi wonse. Pamwamba panalibe mtengo.

Tho... tho...

Pa mlatho panali munthu. Wakhala pa chitsulo cha m'mbali, kofia yoyera kumutu, ovolosi ngati yake yomwe koma yotuwa. Dzanja lamanja lokutidwa ndi chiguduli, waligoneka pa bondo.

Faruku anayandikira. Msodzi, mwina. Kapena woledzera.

"Asalamu aleikumu."

Munthuyo sanatembenuke.

"Waleikumu salamu. Mwapapeza podontha?"

Wadziwa bwanji? Sanauze munthu. Ngakhale a Useni sanawauze.

"Ndinu ndani, bambo?"

"Ndi paipi ya pansi pa chigongono. Imakhuzana ndi chitsulo. Nthawi zonse ndi imeneyo." Mawu ake anali otsika, opanda mpweya, ngati akuchokera m'mgolo. "Ndionetseni chala."

Faruku anabisa dzanja kumbuyo.

"Palibe kanthu. Kabala kakang'ono."

"Inenso ndinatero."

Munthuyo anaimirira. Anayamba kumasula chiguduli, pang'onopang'ono. Fungo linakula. Chiguduli chinagwa pa konkire, chonyowa, cholemera.

Dzanja lija!

Lakuda bii mpaka m'chigongono. Lotupa ngati chubu cha thirakitala. Khungu long'aluka. Ndipo zimene zinkadontha kunsonga kwa zala sizinali magazi.

Tho... tho...

"Musakagone," anatero munthuyo.

Faruku anathawa. Anamulambalala, phewa likukhula chitsulo cha mlatho, n'kukhotera kumanzere. Kunyanja. Kuchipinda. Akatseke chitseko, akatsamiritse bedi. Nyali za asodzi zinkaoneka kutali. Anathamanga. Chikwama cha masipanala chinkamumenya msana. Anachitaya.

Pa mtengo wa mango panali kofia yoyera.

Pakati pa njira. Chiimire.

"Musakagone."

"Audhubillah! Mulungu nditetezeni!"

Analumphira m'munda wa mpunga. Madzi m'mawondo. Matope anameza nsapato imodzi. Anakwawa, anadzuka, anagwa. Chala chinagunda pa mzere wa dothi, moto unathamanga mpaka m'khwapa. Anakuwa. Palibe anayankha. Akangodutsa mundawu atulukira kuseri kwa mudzi...

Anakweza mutu.

Pa mzere wotsatira. Mapazi osaponda madzi. Dzanja litatambasuka.

Anabwerera. Analibenso kosankha. Njira yotseguka inali imodzi yokha, ya kumanja, ndipo anaitenga, phazi limodzi lopanda nsapato. Sanacheuke. Sanafunike kucheuka.

Tho... tho... tho...

Akathamanga, kumathamanga. Akapunthwa, kumadikira. Pamene anayesa kupatukira ku kanyumba kena koyaka nyali, fungo linamutsekera kumaso, mpweya wozizira unamugunda pakhosi.

"Kumsewu!"

Anathamanga. Chifuwa chikupsa. Dzanja likulemera. Miyala. Minga. Mtunda...

Tala!

Anagwa chafufumimba pakati pa msewu. Magetsi awiri anamuwalira. Mabuleki analira, matayala ananunkha. Lole inaima mphuno yake ili pamwamba pa iye.

Dalaivala anatsika ndi chitsulo m'manja, bambo wamimba, wa imvi.

"Iwe! Ngati watopa ndi moyo, nyanja siyo? Ukufuna ana anga adye chiyani ine ndili kundende?"

Faruku analoza kumbuyo. Dalaivala anaunika tochi kunjirako. Udzu wokha ukugwedezeka. Achule anali atayambiranso. Tochi inabwerera pa ovolosi, n'kutsikira pa dzanja. Inaima pompo.

Chala chinali chotuwa, chonenepa ngati chinangwa. Kutupa kunali kutalowa m'chikhatho.

"Achimwene, ndinu makaniko? Uyu ndi oyilo wa katapila?"

Faruku anavomera ndi mutu.

"Kwerani. Msanga!"

Dzina lake anali a Maganizo. Ankapita ku Dwangwa, koma anatembenuza lole pomwepo, n'kuloza ku Boma. Ankangoponda moto.

Kuchipatala anang'amba dzanjalo usiku womwewo, kutsuka oyilo amene anali atayenda kale m'mnofu. Chala sichinapulumuke. Dokotala, mayi wachitsikana wamaso otopa, anamuuza m'mawa mosazungulira: "Oyiloyu amaola m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino. Mukanati mugone kunyumba, tikanakamba za mkono wonse. Mwinanso sitikanakamba nanu n'komwe."

Madzulo a Maganizo anatulukira, atanyamula nthochi ndi botolo la thobwa. Anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Zala zinayi zimagwirabe sipanala, musadandaule. Koma tandiuzani. Anzanu zikawachitikira amati kabala ka mwana, amakagona. Inu anakuuzani ndani kuti muthamangire kumsewu?"

"Sindinathamangire," anatero Faruku. "Anandithamangitsa."

Anafotokoza zonse. Mlatho. Kofia. Chiguduli. Ankayembekeza kuti amuseka. A Maganizo sanaseke. Nthochi imene ankasenda inatsala m'manja.

"Dzanja lake liti?"

"Lamanja."

"Wamtali? Mpata kumano?"

Faruku anakumbuka pakamwa paja pakutseguka mumdima. Anavomera ndi mutu.

A Maganizo anaika nthochi ija pa bedi.

"A Swaleh amenewo. Ankakonza makatapila pamene tinkamanga mlatho umenewo, ine ndikuthira miyala. Oyilo anawabaya madzulo, ngati inuyo. Tinawaseka, ati munthu wamkulu kulira njuchi. Iwonso anaseka. Anakagona."

"Ndiye ali kuti pano? Ndikufuna ndikawaone. Kaya ndikawathokoze, kaya..."

"Mukawaone kuti, achimwene?" anatero a Maganizo. "Nthawi imeneyo mwana wanga woyamba anali kumsana. Lero ali ndi ana akeake. A Swaleh sanathe sabata. Ine si Msilamu, koma tsiku limenelo abale awo anandilola. Jeneza la maliro awo ndinanyamula nawo, pa phewa ili."