Malo a Khumi ndi Chimodzi

M'nyumba ya a Ngcobo ku Umlazi, tsiku lililonse linkayamba ndi pemphero. Bambo anali dikoni, mayi anali namwino, ndipo mwana wawo Sibonelo, amene ankaphunzira masamu pa yunivesite ina ku Durban, ndiye anali wanzeru wa pamtundu. Aliyense ankadziwa zimenezo, makamaka mwini wakeyo.

Lamlungu lina kudafika msuweni wake Qhawe, womata matayala amene sukulu adailekeza panjira, atanyamula chikho chimene adapata pa mpikisano wa poka, njuga ya makadi. Abale adachizungulira, kuchisisita, kujambulitsa nacho. Sibonelo adakankha mbale yake osaimaliza.

"Mzala, iwe wa masamu, udzabwere udzaone amuna," adatero Qhawe, pogwiritsa ntchito liwu la kwawoko lotanthauza msuweni. "Kapena nzeru zako zimathera pa bolodi?"

Sabata yomweyo Sibonelo adagula mabuku atatu olembedwa ndi akatswiri a poka, nawerenga mwakhama kuposa a kusukulu. Adamvetsa msanga kuti mpikisano umasiyana ndi njuga wamba. Osewera onse amayamba ndi timabatani tobetchera tochuluka mofanana, ndipo amene take tatha watuluka, sabwereranso. Ngati mphotho ili ya anthu khumi, nthawi yoopsa ndi pamene atsala khumi ndi mmodzi. Pamenepo, akatswiri amatero, wosewera amene ali ndi timabatani tokwanira azitaya makadi ofooka, n'kumadikira kuti wina agwe.

M'kalasi adayamba kusowa. Atajomba mayeso, akuluakulu a sukulu adamupatsa mwayi wotsiriza: alembe Lachisanu masana, apo ayi malo ake atha. Mpikisano waukulu wa chaka unali Lachisanu lomwelo.

"Mabuku awa a maphunziro anji?" adafunsa bambo ake atawapeza pansi pa pilo.

"Ndi masamu omwewo, Baba. Si zamwayi ayi, ndi luso."

"Luso likhale luso. Koma chikukudzutsa m'mawa si makadi, mwanawe. Ndi chikho cha mwana wa mlongo wanga. Kalembe mayeso."

Lachisanu adavala bwino, natsanzika ngati wopita kukalasi, koma adakwera minibasi ina.

Adasewera mwaluso ndithu, monga mabuku adamuphunzitsira. Mwa anthu zana limodzi, pofika madzulo adatsala khumi ndi mmodzi, ndipo oyendetsa mpikisano adamusamutsira pa tebulo la Qhawe. Mulu wa timabatani ta Sibonelo unali wokwanira. Pa tebulo lina panali nkhalamba yotsala ndi timabatani titatu. Chofunika chinali kungokhala chete.

Qhawe adakankhira mulu wake wonse pakati, kubetcha tonse, namwetulira. "Taya, pulofesa. Kafunse buku."

Anthu adaseka. Sibonelo adayang'ana makadi ake: naini ndi sikisi. Ankadziwa tsamba, ankadziwa ngakhale ndime imene imaletsa zimene ankafuna kuchita. Koma sankaonanso mphotho. M'maganizo mwake ankangoona Qhawe atagonja, akuimirira pamaso pa anthu onsewo, akutola jekete lake. Adakankha mulu wake wonse.

Qhawe adavundukula makadi ake: mafumu awiri, oposa kutali naini ndi sikisi. Makadi asanu amene amayalidwa patebulo kuti athandize osewera onse sadasinthe kanthu, ndipo popeza mulu wa Qhawe unali wokulirapo, wotuluka anali Sibonelo. Holo yonse idaomba m'manja, monga amachitira wa khumi ndi chimodzi akagwa, chifukwa kugwa kwake ndiko kumalowetsa otsalawo mu mphotho. Nkhalamba ija idadzamugwira chanza pomuthokoza.

"Mzala, naini ndi sikisi?" adafunsa Qhawe motsitsa mawu, osasekanso. "Ndakulakwira chiyani kwenikweni?"

Kalata yomuchotsa sukulu idafika Lachitatu. Bambo ake adaiwerenga ataimirira pakhomo, naipereka kwa mayi, amene adakhala pansi osavula ndi nsapato za kuntchito zomwe.

Achinyamata, njuga ndi msampha ngakhale itabwera m'mabuku a chikuto chokongola. Koma chimene chidamulowetsa Sibonelo mu msamphawo ndi nsanje. Munthu wansanje amataya chimene Mulungu adamupatsa pofuna kuona mbale wake atagwa, ndipo palibe buku la katswiri limene lingamugwire dzanja.