Mzime Akusamuka

Uyu ndi Mzime. Amamutcha choncho chifukwa ndi womaliza kubadwa. Mzime ankafuna nyumba yakeyake.

Tsiku lina Amayi ankasoka diresi pa makina.

"Amayi, ine ndakula," anatero Mzime. "Ndikusamuka!"

Amayi anaimitsa makina.

"Mukusamukira kuti, bambo?"

"Kutali!"

"Chabwino," anatero Amayi. "Tengani juzi. Kutaliko kumazizira."

Mzime anatenga juzi. Anatenga kapu yake yofiira. Anapeza chikatoni chachikulu. Anachikoka. Anachikoka. Anachikoka mpaka kuseri kwa nyumba.

Mzime analowa m'chikatoni. Anakhala pansi. Anatambasula miyendo.

"Nyumba yanga!" anatero. "Yangayanga!"

Kenako kunabwera mphepo. Fuuu! Chikatoni chinagwa chammbali.

Amayi anasuzumira pa zenera.

"Ndibwere?" anafunsa.

"Ayi! Musabwere! Ndikonza ndekha."

"Chabwino. Ine ndili pompano."

Mzime anadzutsa chikatoni. Anaika mwala kuno. Anaika mwala uko. Nyumba inaima nji!

Amayi anawomba m'manja. Mzime anamwetulira.

Kenako kunabwera mvula. Tho. Tho. Tho. Denga linanyowa. Khoma linanyowa. Juzi nayo inanyowa. Nyumba yonse inafewa, n'kugwa.

Mzime anathamangira kukhomo. Koma sanalowe. Anaima pa chitseko. Kodi Amayi amuseka? Kodi amulola kulowa?

"Odi," anatero motsitsa mawu.

"Lowani! Ndani kodi?"

"Ndine Mzime."

Chitseko chinatseguka. Amayi anali ndi thaulo m'manja. Anamupukuta mutu. Anamupukuta mapazi. Sanamuseke.

"Nyumba yanga yagwa," anatero Mzime.

"Pepa, mwanawe. Mvula ilibe ulemu. Inali nyumba yokongola. Ndinaiona."

"Kodi ndingakhale kuno?"

Amayi anamunyamula. Anamukumbatira kwambiri.

"Kuno ndi kwanu," anatero. "Ukapita, ndi kwanu. Ukabwera, ndi kwanu."

Amayi anamuveka malaya ouma. Anamupatsa tiyi wotentha. Mzime anakhala pa miyendo ya Amayi. Anamwa tiyi yense.

"Amayi, mawa ndimanga ina."

"Umange, mwanawe."

"Ikhala yaikulu. Ikhala ndi mpando."

"Mpando wa ndani?"

"Wanu. Mudzabwere kudzacheza."

Amayi anaseka.

"Ndidzabwera, bambo. Mudzandiphikire tiyi."

"Wa shuga wambiri," anatero Mzime, akuyasamula.

Panja mvula inkagwabe. Mzime anatsamira pa chifuwa cha Amayi. Panali pofunda.