Mphindi Zitatu za Zii

Lachitatu madzulo, Teleza anali pakhonde pa azakhali ake, a Victoria, kumalayini a esiteti ya tiyi ku Thyolo. Mahedifoni anali m'makutu, nkhope itakwinyika. Otchola tiyi ankadutsa akuweruka, madengu ali kumsana, n'kumamupatsa moni. Iye ankangogwedeza mutu, manyazi ake aja.

Teleza ndi mnzake Leonard ankaphunzira zojambula mafilimu pakoleji ina ku Blantyre. Aphunzitsi anawauza kuti apange filimu yaifupi, ndipo aipereke Lachisanu dzuwa lisanafike paliwombo. Nzeru inali ya Leonard: gawo loyamba lionetse phokoso la m'tauni, lachiwiri bata la m'minda ya tiyi. Iye anatenga kamera, makina ojambulira mawu n'kupatsa Teleza. Ankati munthu wosalankhula ndiye amamva bwino.

Phokoso silinavute. Lolemba anapita kudepoti ya Limbe, ndipo pa ola limodzi anali atakolola zokwanira: mahutala, magilayindala, mlaliki wa pamsika, oitanira minibasi akulimbirana anthu. Woitanira wina wovala malaya achikasu anamukokera Teleza pambali minibasi ikubwerera chammbuyo, namutolera chingwe cha maikolofoni chomwe chinagwera m'matope, nachipukuta ndi malaya akewo. Sanapemphe kanthu. Ataonera zithunzi madzulo ake, anapeza kuti mnyamatayo penapake anasiya kukuwa mwadzidzidzi, natembenuka, n'kuyang'ana kupyola kamera kukamwa kuli yasa. Leonard anaseka mpaka kutsokomola. Anati aise uja wagwa m'chikondi ndi wamaikolofoni.

Chimene chinavuta ndi bata. Zithunzi za Thyolo zinatuluka zokongola, mapiri obiriwira ngati awapesa. Koma ukatseka maso, Thyolo anali Limbe wina. Thirakitala. Fakitale ikung'ung'udza usana wonse. Njinga zamoto za kabaza zopita ku Khonjeni. Kwaya ikukonzekera Khirisimasi pa zokuzira mawu. Masiku awiri, osapeza ngakhale mphindi imodzi yoyera.

Leonard anabwerera ku Blantyre masana a Lachitatu kukayamba kulumikiza zithunzi. Pokwera minibasi anamuuza kuti pakufunika mphindi zitatu za zii, zopanda injini, zopanda munthu. Popanda zimenezo filimu yafa, ndipo onse awiri abwereza chaka.

"Mawu ndi mbali yako, Teleza. Ine yanga ndamaliza."

A Victoria atamva nkhaniyi anaseka. Anati zaka makumi awiri akhala akutchola tiyi, sanamvepo munthu akuyenda ulendo kudzafuna zii. Komabe anamulangiza kuti alawirire, wezulo wa fakitale asanalire, apite kumunda wa nambala naini, kuseri kwa mabulugamu, kumene msewu sufika. Teleza podzuka folo koloko anapeza juzi ndi tochi zili pampando pafupi ndi chitseko. Azakhaliwo ankachita ngati ali mtulo.

Kunja kunali nkhungu. Mvula inali itagwa usiku, ndipo tiyi anali wonyowa. Polowa m'mizere, masamba ankamufika m'chiuno, siketi inanyowa nthawi yomweyo, kuzizira kunalowa mpaka m'mafupa. Anayenda mpaka magetsi a fakitale anabisika. Anaima, nazimitsa tochi, navala mahedifoni, nakweza maikolofoni.

Achule. Nkhululu. Madontho akugwa kuchokera m'mabulugamu. Mtima wake unayamba kukhala pansi.

Kenako anamva. Tswa. Tswa-tswa. Tswa.

Anakulira kumalayini komweko, sakanasokonezeka. Anali manja a munthu akutchola tiyi, manja awiri, aluso, osathamanga. Anavula mahedifoni. Kunalibe kanthu, achule okhaokha. Anavalanso. Tswa-tswa. Tsopano pafupi.

Anaganiza kuti mwina makina agwira mawu akutali. Anaganizanso kuti mwina ndi mbuzi. Koma mbuzi sitaya masamba m'dengu, ndipo iye ankamva bwinobwino masamba akugwera m'dengu.

Atayatsa tochi anawaona. Mizere itatu kutsogolo kwake kunali mayi wamfupi, duku lili kumutu, dengu kumsana, pulasitiki yakuda atamanga m'chiuno monga amachitira otchola onse poopa mame. Ankatchola mumdima, osayang'ana manja awo. Anamupatsa moni m'Chilomwe, ndipo ataona kuti mtsikanayo akudodoma, anabwereza m'Chichewa chokoka ngati cha anthu akale a kumeneko.

Teleza anayankha ndi ulemu. Mantha anachepa pang'ono, poti munthu wopereka moni ndi munthu. Anaganiza kuti ndi mmodzi wa aja amalawirira kuti sikelo idzawakomere. Chinangomudabwitsa n'chakuti kapitawo salola munthu kulowa m'munda wezulo asanalire.

Mayiwo anayandikira, nayang'ana siketi yake.

"Mwana wa ndani iwe, wolowa m'tiyi wopanda pulasitiki? Udwala chibayo."

Asanayankhe, anamasula yawo, namukulunga nayo m'chiuno, namanga mfundo kumbuyo monga amamangira mwana wopita kusukulu. Manja awo anali ozizira kwambiri, onunkhira masamba aawisi. Pulasitikiyo inali yakale, pakati pake pali chigamba chosokedwa ndi ulusi wabuluu.

Analoza maikolofoni, namufunsa chimene ankafuna ndi ndodo yaubweyayo. Teleza anafotokoza, akuchita chibwibwi, za filimu, za Lachisanu, za mphindi zitatu. Ankayembekezera kuti amuseka. Sanamuseke. Anangofunsa ngati makinawo amanyamula mawu mpaka ku Limbe. Atamva kuti amanyamula, anati:

"Zii ndiye tili naye wambiri ife. Ndikupatsa. Koma iwe unditengere mawu kwa mwana wanga. Kumene aliko kuli phokoso, ndikamuitana samva."

Teleza anafunsa kuti mwanayo ndi ndani, amakhala pati.

"Wakumana naye kale. Ukafikitsa?"

Kukana akulu sankadziwa. Anati akafikitsa.

Mayiwo anawerama, nayandikiza pakamwa pa maikolofoni. Teleza anadina batani lofiira. Milomo yawo inayamba kuyenda.

Ndipo zonse zinazima.

Achule analeka. Nkhululu zinaleka. Madontho ankawaona akugwa m'kuwala kwa tochi, koma osamveka. Mpweya wake womwe sankaumva. Anayesa kutsokomola, pakhosi panagwedezeka, mawu osatuluka. Pa makina manambala ankayenda, sekondi ndi sekondi, koma timagetsi tosonyeza mawu tinali titagona. Anayesa kuwerenga milomo ya mayiwo, sanathe. Mphindi imodzi. Ziwiri. Anayamba kuganiza kuti mwina wagontha, kuti moyo wake wonse ukhala chonchi.

Manambala atafika pa zitatu, wezulo wa fakitale analira. Achule anayambiranso onse pamodzi. Teleza anadzidzimuka, tochi inagwa, ndipo poitola anapeza ali yekha. Mizere inali chilili, yopanda pogwedezeka. Pamene anaima mayiwo masamba anthete anali osatcholedwa.

Koma pulasitiki inali m'chiuno mwake.

Atafika kunyumba, a Victoria anali akumanga duku kuti azipita kuntchito. Anayang'ana pulasitikiyo, nayang'ana chigamba, nakhala pansi pa thumba la makala. Anafunsa kumene waitenga. Teleza anafotokoza zonse. Azakhaliwo sanamudule mawu. Atamaliza anati chigambacho anasoka ndi iwo, ndi ulusi wotsala pa yunifolomu ya mwana, chifukwa mwini pulasitikiyo, a Lestina, maso anali atayamba kuwavuta. A Lestina anagwa m'munda wa nambala naini mu Epulo, dengu lili kumsana. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Limbikani, anamuimbira foni tsiku lonse, kasanu ndi kawiri, osayankha. Atamva uthenga, maliro anali ataikidwa. Kuchokera pamenepo sanapondeko kumudzi. Ena amati ndi mwano, ena amati ndi manyazi.

Teleza anafunsa kuti Limbikaniyo amachita chiyani ku Limbe. A Victoria sankadziwa. Anangomupempha kuti pulasitikiyo isagone m'nyumba mwawo.

Madzulo a Lachinayi anali ku Blantyre, m'chipinda cholumikizira mafilimu. Leonard anamvetsera mphindi zitatu zija, navula mahedifoni, nagogoda makutu ake ndi chala. Anati iyi si zii ya m'munda, ndi zii ya m'bokosi. Anamufunsa ngati sanaiwale kulumikiza chingwe. Kenako anaziika pansi pa zithunzi za mapiri aja. Anaonera kawiri. Anati n'zoopsa pang'ono, koma aphunzitsi azikonda.

Za mayi uja mu mphindi zitatuzo munalibe. Teleza sanadziwe kaya akondwe kaya alire. Anali atalonjeza kunyamula mawu, ndipo analibe mawu oti anyamule.

Leonard ndiye anadandaula za chinthu china. Anati fayilo ya ku Limbe yamusokoneza. Muli mawu a mzimayi amene sanawamve Lolemba, ali pafupi kwambiri ndi maikolofoni, akuphimba mahutala. Anafunsa ngati Teleza anaima pafupi ndi wogulitsa nthochi. Anaiyatsa.

Pakanema panali depoti, fumbi, minibasi, woitanira wa malaya achikasu akukuwa kuti Bangwe, Bangwe, mmodzi yekha. Ndipo pansi pa phokosolo, mawu okoka, osathamanga:

"Limbikani. Sindinakwiye, mwana wanga. Foni inalira, sunaimve, basi. Bwera kunyumba, denga likudontha."

Pa dzina lija, ndi pamene mnyamatayo anasiya kukuwa n'kutembenuka.

Teleza anayang'ana tsiku la fayilo. Lolemba. Anawerenga zala: Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi. Anawerenganso. Mawu amene analankhulidwa lero m'mamawa anali m'fayilo ya masiku atatu apitawo, ndipo munthu anali atawacheukira kale.

Leonard anali atasankha kale chigawocho kuti achifufute.

"Usafufute."

Leonard anamuyang'ana Teleza. Zaka ziwiri akuphunzira limodzi, anali asanamumvepo akukana chinthu. Anamukumbutsa kuti mawa pofika thwelofu filimu ikhale itaperekedwa, ndipo mawu onse akudikira iyeyo kuti awasalaze. Teleza anati abwera. Anakopera fayiloyo m'makina ake.

Lachisanu m'mawa anali ku Limbe, pulasitiki ataipinda m'chikwama. Anazungulira depoti katatu. Oitanira ankamukoka mikono, wina ku Bangwe, wina ku Bvumbwe. Kufunsa anthu osawadziwa kunali ngati kumeza mwala, koma anafunsa. Cha m'ma teni anamupeza atakhala pa tayala, akudya chinangwa. Mnyamatayo anamuzindikira.

"Ndi achemwali a chingwe aja. Filimu yatuluka, tatchuka?"

Teleza anafunsa ngati dzina lake ndi Limbikani. Kumwetulira kunachoka. Anati kuno palibe amene amamutchula choncho. Teleza anangomuveka mahedifoni n'kuyatsa.

Anamuyang'anitsitsa. Mnyamatayo anasiya kutafuna. Maso ake anapita patali. Chigawocho chinali cha masekondi makumi awiri, koma iye anakhala osagwedezeka nthawi yaitali, minibasi ikumuimbira hutala kumbuyo, dalaivala akumutukwana, iye osamva. Teleza anayang'ana wotchi. Mphindi zitatu.

Atavula anati mulibe kanthu m'menemo. Mulibe mahutala, mulibe munthu. Muli zii basi, ngati kwawo m'mamawa wezulo asanalire. Anapukuta nkhope ndi malaya achikasu aja. Kenako anafunsa, ngati munthu amene wangokumbukira chinthu:

"Kodi mvula yayamba kumudzi?"

Teleza anati yayamba. Anatulutsa pulasitiki. Limbikani anaitambasula, napeza chigamba, nachisisita ndi chala chachikulu. Sanafunse kumene yachokera. Anaipinda bwinobwino, naiika mkati mwa malaya, nawoloka msewu kupita kumene zimaima minibasi za ku Thyolo. Anzake anamukuwira kuti akupita kuti, galimoto sinadzaze. Sanacheuke.

Teleza anafika kukoleji patatsala theka la ola. Leonard anali atatuluka thukuta. Anati watopa kudikira, ndipo anatsegula fayilo kuti afufute yekha mawu aja, koma sanawapeze. Mahutala okhaokha. Anamufunsa kuti anawachotsa nthawi yanji. Teleza anayatsa makina ake. Namonso munalibe. Pakanema mnyamata wa malaya achikasu ankatembenukabe, kukamwa yasa, akuyang'ana chinthu chimene palibe anachimva.

Filimu inaperekedwa, ndipo onse awiri anakhoza.

Kumalayini nkhaniyi amaikamba motsitsa mawu. Ena amati mtsikanayo anagona chiimire m'munda, pulasitiki anangoitola. Ena amati makina a masiku ano amasokoneza mafayilo, palibe chachilendo. A Victoria salowerera. Amangoti amene akufuna akadutse kumudzi wa kuseri kwa mabulugamu, akaone nyumba imene inakhala yotseka kuyambira Epulo. Udzu wa padenga ndi watsopano, ndipo pangodya pamene mphepo inaukanganula pang'ono, pamaoneka pulasitiki yakuda ndi ulusi wabuluu.