Kamtondo Kachitsulo

Tsiku loyamba kulowa mu labu ya pansi, mtsikana wina wophunzira sayansi anapeza mnyamata wina akuthira madzi ofuka nthunzi m'kabeseni koyera. Sanali madzi otentha ayi. Inali nayitirojeni yozizira kwambiri, yoti chala chikalowamo chimauma gwa. Mnyamatayo ndiye ankasamalira makina oziziritsira ndi ng'anjo, ndipo aliyense ankangomutchula kuti Chisanu.

"Mwabwera kudzaphunzira, kapena mwathawa dzuwa la panja?" anafunsa motero.

Mtsikanayo anatulutsa kabatani kakuda kamene anaotcha yekha, nakaika m'kabesenimo. Katazizira, anaikapo kamaginito. Kanadzuka n'kuyandama m'mwamba popanda chochigwira. Chisanu anali ataona zimenezi kambirimbiri, komabe anaomba m'manja ngati mwana. Anamupatsa dzina loti Namaginito, ndipo linamera.

Ntchito ya Namaginito inali kupera ufa wa mankhwala osiyanasiyana, kuumba timabatani n'kutiotcha m'ng'anjo. Tikazizira kwambiri, magetsi ankadutsamo popanda chotsekereza. Anamufotokozera Chisanu kuti elekitironi iliyonse, kanthu kosaoneka konyamula magetsi, ili ndi kazunguliridwe kake kotchedwa sipini, kamene kamaichititsa kukhala ngati kamaginito koloza kumwamba kapena pansi. M'tibatanimo maelekitironi amayenda awiriawiri, wina kuloza uku, mnzake uko. Koma mukalowa kafumbi ka chitsulo cha ayironi, kamatembenuza mmodzi, awiriwo n'kusiyana, mphamvu yonse ija n'kutha.

Chisanu ankamvetsera chibwano chili m'manja. Kaya ankamva sayansiyo, kaya ankangomva mawu a wonenayo, ndani angadziwe?

Mameseji a Chisanu anayamba kubwera. "Wadya, duwa langa? Maelekitironi sathawa, koma njala ikugwetsa." Namaginito ankaseka yekha m'basi mpaka mkulu wake, amene ankakhala naye, anayamba kumufunsa ngati mankhwala a ku labu sakumusokoneza mutu.

Tsiku lina akudikira ng'anjo kuti izizire, Chisanu anamugwira dzanja. "Dziko lonse lidzakukane, mtima wanga, ine ndidzaima pambali pako."

Zinthu zinasokonekera mwezi umene anthu olipirira maphunziro a Namaginito ankabwera kudzaona ntchito yake. Anaziziritsa kabatani katsopano, kamaginito kanangokhala phee. Anayesa kena, chimodzimodzi. Atapima, anapeza kuti tonse tinali ndi ayironi. Ntchito ya chaka chathunthu inali itapita m'madzi.

Pulofesa woyang'anira labuyo anaitanitsa onse. Ananena mosapsatira kuti wosasamala amene wachititsa zimenezi alibe malo mu labu yawo, kaya ndi wophunzira kaya ndi wantchito. Maso awo anali pa Namaginito.

"Ndine, bwana," anatero Chisanu ali kumbuyo. "Ndinakwecha mbale za m'ng'anjo ndi waya wachitsulo."

Anamuchotsa ntchito sabata yomweyo. Namaginito anamupeza pakhonde atanyamula chikwama chake. Chisanu anapempha kuti amumve pang'ono chabe, koma iye anali atafufuma ndi mkwiyo. Anamuuza kuti chikondi cha pakamwa n'chosavuta, kuti munthu womukonda sakanaseweretsa thukuta lake chotero. Atafika kunyumba anatseka nambala ya mnyamatayo, n'kulira mpaka mkulu wake anasiya kumufunsa.

Olipirira maphunziro aja anamumvera chisoni, namuonjezera nthawi. Anagula mbale zatsopano, natsuka ng'anjo yekha, nayambanso. Patapita miyezi, anaziziritsa kabatani koyamba.

Kamaginito sikanadzuke.

Nanga Chisanu si anachoka kalekale? Namaginito anaima pakati pa labu akuyang'ana chilichonse chimene ufa uja unakhudza. Maso ake anafika pa kamtondo kake koperera. Koyamba ka mwala kanali katasweka kale, ndipo pofulumira anabwereka kachitsulo ku labu yoyandikana. Anakatembenuzira ku kuwala. M'kati monse munali mokalikakalika. Anadutsitsa maginito pa ufa wotsalira, tinyenyeswa totuwa n'kumatirira.

Anakhala pansi pa simenti. Amene ankatsuka kamtondoko masiku onse anali Chisanu.

Namaginito anapita kwa Pulofesa n'kuwauza zonse. Iwo anavula magalasi. Kenako anavomera kuti nawonso anathamangira kuweruza. Anamufunsa ngati timabatani towonongeka tija anataya. Anali asanataye. Anamulangiza kuti apime kuchuluka kwa ayironi m'kabatani kalikonse, aone kuti amatembenuza sipini motani ndiponso kuti mphamvu ija imathera pati. Zotayidwa zija zinali zitasanduka kafukufuku weniweni. Za mnyamata uja, anati malo ake alipobe, ndipo adzamupepesa okha.

Namaginito anamupeza Chisanu m'kashopu ka amalume ake, kuseri kwa malo okwerera basi, atagwada kumbuyo kwa firiji ya kasitomala. Anali atawonda.

"Ndakaona kamtondo kaja," anatero Namaginito. "Munadziwa?"

Chisanu anapukuta manja pang'onopang'ono. Anati anakazindikira m'mawa wa tsiku la msonkhano lija, nthawi yomuuza itatha kale. Anaona kuti iye ali ndi manja, angathe kukonza mafiriji kulikonse, koma Namaginito akanachotsedwa, maphunziro ake akanathera pomwepo. Pambuyo pake anamulembera mameseji ambiri omuchenjeza kuti asiye kamtondoko. Palibe inafika. Anapitanso ku geti, mlonda anamubweza.

"Ine kukutukwanani, inu mukundisenzera mtolo wanga." Misozi ya Namaginito inatsika osaigwira. "Ndilibe mawu okwanira. Zikomo. Ndikhululukireni."

"Inuyo ndi ndani?" anafunsa Chisanu. "Ndili ndekhatu kuno."

Namaginito anaseka ali mkati molira. "Ndikhululukire, Chisanu wanga."

"Zinandipweteka, sindikunamiza," anayankha mnyamatayo. "Koma sindinasiye kukukonda, duwa langa. Ndinayesa, zinakanika."

Atamuuza za uthenga wa Pulofesa, Chisanu anati abwerera, koma ayambe wamaliza firijiyi, chifukwa mwini wake ndi mayi wogulitsa zoziziritsa kukhosi ndipo katundu wake akutentha. Anamupatsa tochi kuti amuunikire. Namaginito anagwada pambali pake, siketi yake yabwino ili pa fumbi.

Amalume ake a Chisanu, amene anali atamva zonse ali kuseri kwa mulu wa mafani akufa, anatulukira atanyamula mpando wopanda chotsamira. Anaupukuta ndi chipewa chawo, nauika pafupi ndi mtsikanayo.

"Khalani apa, apongozi. Mnyamatayu watisowetsa mtendere mokwanira."