Mita Ikakwana 500

Fidelis adali asanawakwezebe amake, a Anastasia Tembo a ku Chimwemwe, m'galimoto yake yatsopano, ndipo iwo sankaleka kumukumbutsa. Bonasi ya kumgodi wa kopa ya 1968 mwanayo sadagulire nyumba ayi, adagula kagalimoto kofiira kopanda denga, ka mipando iwiri ngati kuti alibe abale. Tsiku lomwelo adalonjeza kuti akawaperekeza ku Ndola kukaona mdzukulu wobadwa kumene. Masabata atatu, zii.

"Amayi, injini ikadali yanthete," ankatero. "Siifuna katundu, siifuna kupitirira liwiro la mailo sate pa ola, pamtunda umatsitsa giya kuti isabanike. Mita ikakwana mailo 500, tipita."

"Ndiye katunduyo ndine?"

Adakwera basi okha. Pobwerera basi yomaliza idawasiya, lole yomwe adapemphako idafera pa mlatho wa Kafue, dalaivala n'kugona pansi pake. Iwo adamanga chitenje, nayamba wapansi akutukwana mwana wawo.

Mdima udali bii, achule okhaokha. Asanafike patali adamva kulira kwa injini kumbuyo, kobwera mwapang'onopang'ono ngati maliro. Kagalimoto kopanda denga! Mtima udakhala pansi: chitsiru chija chakumbuka amake. Koma katafika pafupi adaona kuti n'kobiriwira, ndipo woyendetsa ndi mnyamata wina wovala tayi ndi magolovesi oyera.

"Kwerani, mama. Ndine Solomon, wa ku ofesi ya malipiro."

Adakwera, thumba lawo la nsomba pamiyendo. Mpando udali wozizira ngati mwala wa pamtsinje. Mkati munkanunkha oyilo watsopano ndi dothi lonyowa.

"Inu bambo, kuyenda kwake n'komweku? Njinga ikanatipitirira."

"Ndikuizoloweza injini, mama. Kwatsala pang'ono." Chala choyera chidaloza mita.

A Anastasia zilembo sankazidziwa, koma manambala adawaphunzira pamsika ndipo palibe adawaberapo. 497.

"Ikakwana muchita chiyani?"

"Ndiiona mmene imathamangira. Ndadikira nthawi yaitali." Adamwetulira osatembenuka. "Mawa mbendera yatsopano ikakwera, ndidutsa nayo m'tauni."

Mawa? Mbendera ya ufulu idakwera zaka zinayi zapitazo...

498.

Adamuyang'anitsitsa. Mphepo inkakupiza duku lawo, koma tayi yake sinkagwedezeka. Sankaphethira. Pachifuwa pake panalibe kukwera kapena kutsika.

"Nditsikira pompano."

"Injini yatsopano safuna kuimaima nayo, mama."

"Ndati nditsika! Ndikupatsani nsomba zonse zili m'thumbamu."

A Anastasia adakoka chitseko. Chidakana. Adakokanso. Awe!

499!

Nambala yomaliza idayamba kugudubuzika pang'onopang'ono, ndipo phazi la mnyamatayo lidayamba kukanikiza chopondera moto. Kutsogolo kudali kamtunda, kuseri kwake kona, pakonapo mtengo waukulu. Kulumpha pa liwiro limeneli n'kuthyoka khosi. Kukhala... Pamenepo mawu otopetsa a Fidelis aja adawabwerera.

"Iwe mwana!" adakalipa ndi mawu a pamsika. "Sukuimva ikubanika? Mtunda uwu ukwera ndi giya imeneyi? Uipha injini isanakwane! Tsitsa!"

Nkhope ija idatembenuka koyamba, yamantha ngati ya mwana wasukulu. Dzanja lidagwira giya. Galimoto idachepetsa liwiro.

"Tsitsanso!"

Idayamba kukwawa. Iwo adaponda pampando, nadziponya pamwamba pa chitseko. Khu! m'udzu.

Injini idabangula kuseri kwa mtunda. Matayala adalira. Phwaa!

Kenako achule okhaokha. Adakwawa mpaka pamwamba kukasuzumira. Mtengo udali chilili. Moto panalibe, galasi ngakhale limodzi panalibe.

Adafika ku Chimwemwe kunja kutayera, opanda thumba, mawondo ali magazi. A Obadiah, makanika woyandikana nawo nyumba, adawamvetsera mpaka kumapeto, kenako adavula chipewa.

"Solomon Nyirenda ameneyo, mayi. Galimoto yake ndidakaikoka ndine pamtengopo, usiku woti mawa ufulu. Masabata asanu adaiyendetsa ngati dzira. Mita tidaipeza itaima pa 500 ndendende. Tidamuika ku Ndola."

A Anastasia asanayankhe, hutala idalira pamsewu. Fidelis adatsika m'kofiira kaja akuseka, kiyi akuizunguza pachala.

"Amayi, konzekani! Kwatsala mailo imodzi yokha. Lero ndikukwezani, muone mmene imathamangira."

A Anastasia adatsimphina mpaka pomwe adaima, namutsomphola kiyi, n'kuimanga pamfundo ya chitenje.

"Ulendo wako sindiufuna. Obadiah, kamupezereni wogula. Iwe, basi ya kumgodi inyamuka hafu sikisi. Thamanga."