Zenera Lovoteredwa

Faines anaima pakhomo pa chigafa cha fodya atatambasula manja ngati akutchinga mbuzi. Kutsogolo kwake kunali azibambo a komiti ya tchalitchi. Kumbuyo kwake, pansi pa masaka onyowa, kunagona mazenera anayi a tchalitchi chatsopano chomwe ankamanga pamwamba pa phiri, kum'mawa kwa Madisi.

Mazenerawo sanali a magalasi. Anali a simenti, okhala ndi zibowo zooneka ngati masamba a chimanga kuti kuwala ndi kamphepo zizilowa. Anawaumba ndi amalume ake a Faines, a Solomoni, omwe anaphunzira ntchitoyi ku Joni. Ankasakaniza simenti, mchenga wosefa ndi ulusi wagalasi woduladula, n'kupaka m'chikombole mopyapyala ngati chala. Ulusiwo ndiwo unkalimbitsa m'malo mwa zitsulo, ndipo zenera linkapepuka moti anthu awiri akanatha kukwera nalo phiri lomwe lole inkalikana. Koma ulusi womwe anabwera nawo unathera pa zenera lachinayi.

Atangochotsa mazenerawo m'zikombole, a Solomoni anaitanidwa ku maliro ku Ntchisi. Ponyamuka anamuuza Faines, yemwe anagwira nawo ntchitoyo tchuthi chonse, kuti, "Amenewa asaone dzuwa, asamve ludzu, mpaka sabata ithe."

Tsopano a Langton, wapampando wa komiti, anali atafika ndi anzawo.

"Patuka mwanawe," anatero. "Bambo Mfumu atsala pang'ono kubwera kudzadalitsa tchalitchi. Zinthu zonyowa chonchi tikazimangirira liti?"

Faines anagwada. "Pepani bambo. Amalume anati simenti imakhwima ndi madzi, osati ndi dzuwa. Ikauma msanga imafooka."

"Ine ndinayamba kuumba njerwa amayi ako asanamere mano. Chilichonse chotuluka m'chikombole chimayanikidwa. Kapena ku Fomu 2 kumeneko akukuphunzitsani kuyanika zovala m'chitsime?"

Azibambo aja anaseka. A Danieli, omwe chiyambire mavoti a 1994 sankalola nkhani kutha popanda kukweza manja, anakhosomola.

"Abale, ano ndi masiku a matipate. Palibenso zoti munthu mmodzi azilamula, kaya wachokera ku Joni. Tivote. Ofuna dzuwa?"

Manja onse anakwera.

"Ofuna mthunzi?"

Faines anakweza dzanja lake yekha, akadali chigwadire.

"Chipani chotsutsa chagwa chagada," anatero a Danieli, kuseka kuja n'kuyambiranso.

Faines anatsitsa dzanja lake. Ankadziwa kuti mazenera onse akatuluka panja, panalibe ulusi woumbira ena.

"Mwapambana ndithu, bambo," anatero. "Koma ngakhale mbewu yachilendo simuidzala munda wonse chaka choyamba. Yambani ndi limodzi. Likauma bwino, enawa ndidzakuthandizani kunyamula ine ndemwe."

A Langton anakanda chibwano. Mawu okhudza mbewu anawalowa, poti anali mlimi. "Chabwino. Tengani ilo lakumapetolo."

Analigoneka pabwalo, pomwe amayanikapo mtedza. Dzuwa la mwezi wa August silitentha kwambiri, koma mphepo ya kumapiri imaumitsa milomo mpaka kung'ambika. Tsiku lomwelo zenera lija linayera mbuu. A Danieli podutsa ankaligogoda ndi ndodo n'kufuula chakuchigafa, "Otsutsa, mwaliona lathu? Lanu likadali ndi chimfine."

Faines ankangopitiriza ntchito yake. M'mawa ndi madzulo ankatsika kudambo ndi ndowa, n'kudzanyowetsa masaka aja mpaka adonthe.

Sabata itatha a Solomoni anabwerako, ndipo anthu ananyamula mazenera onse kukwera nawo kuphiri. Atatu a m'chigafa analowa m'malo mwake bwinobwino, olimba, olira ngati mphika wootcha bwino ukaugogoda. Lapadzuwa lija linali litapindika ngati chikopa chouma. Ngodya imodzi ikalowa, ina inkatuluka. A Langton analikankha ndi phewa kuti likhale, ndipo linathetheka pakati. Ulusi unaligwira kuti lisagwe zidutswazidutswa, koma m'mphepete munkangofumbutuka ngati chigumu.

Panalibe amene anaseka. A Solomoni anatola kachidutswa, n'kukafikisa ndi zala, kenaka anayang'ana mwana wa mlongo wawo.

"Atatuwa wawapulumutsa bwanji?"

"Ndinapempha kuti ayambe ndi limodzi," anayankha Faines.

Tsiku lodalitsa tchalitchi, kuwala kunalowa pa mazenera atatu n'kujambula masamba a chimanga pansi, ana n'kumawaponda mosinthana. Pamalo pa lachinayi anatchingapo mphasa, yomwe mphepo inkaiwomba phaphapha mpaka pakati pa ulaliki. Bambo Mfumu anaiyang'ana kangapo.

Misa itatha, komiti inakhala pansi pa mtengo wa muwanga kukambirana za bowo lija. Ena ankati alitseke ndi njerwa basi. Ena ankati adikire kuti a Solomoni aitanitse ulusi wina, ngakhale patenge miyezi.

"Musatalikitse nkhani," anatero a Danieli, dzanja lili kale m'mwamba. "Ofuna njerwa?"

A Langton anawagwira mkono n'kuutsitsa pang'onopang'ono. Anaunguza pakati pa anthu mpaka anamuona Faines akusonkhanitsa mikeka ndi anzake.

"Manja adzakwera pambuyo," anatero, kenaka n'kuloza Faines, akumutchula mwaulemu ndi chiwongo chake. "Tayambani mwakaitana a Nabanda awo, atiuze kaye chimene tikuvotera."